Mtsinje wa Zambezi: Mafunso ndi Mayankho pa za Njira Yake, Malire ndi Mbiri

Mvula ikagwa ku Chitipa, ku Kasungu kapena ku Thyolo, madzi ake, akapanda kuuma kapena kulowa pansi, amakathera mu Zambezi. Mbali ya nyanja ya Chilwa ndi Chiuta yokha ndiyo siithira kumeneko. Choncho ngakhale mtsinjewu sudutsa m'Malawi, nkhani yake ndi yathu ndithu. Pano tayankha mafunso omwe ana asukulu, aphunzitsi ndi apaulendo amafunsa kawirikawiri.

Kodi Zambezi umayambira kuti, nanga umathera kuti?

Gwero lake ndi kasupe wamng'ono m'dambo la m'nkhalango ya miombo pafupi ndi Ikelenge, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500. Pamenepo mwana akhoza kuulumpha. Kuchoka apo umalowa mu Angola, n'kubwereranso mu Zambia pa mathithi a Chavuma, n'kutsetsereka chakummwera kudutsa chigwa cha Alozi. Ukafika pa Katima Mulilo umakhotera kummawa, ndipo suthanso kubwerera: Kazungula, mathithi a Victoria, Kariba, Chirundu, Zumbo, Cahora Bassa, Tete, Sena, mpaka kukathira m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean pafupi ndi Chinde ku Mozambique.

Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 2,600. Mu Africa umaposedwa ndi Nile, Congo ndi Niger basi. Dera lomwe limathira madzi mu mtsinjewu ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 1.4 miliyoni, ndipo limakhudza maiko asanu ndi atatu: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Tanzania imalowamo chifukwa cha mitsinje yake, monga Ruhuhu, yomwe imathira m'nyanja ya Malawi. Mitsinje ikuluikulu yothira mu Zambezi ndi Kabompo, Lungwebungu, Chobe, Kafue, Luangwa ndi Shire.

Ndi pati pamene mtsinjewu uli malire a maiko?

Si paliponse. Mu Angola, m'chigwa cha Alozi ndi mu Mozambique monse, matsidya onse awiri ndi a dziko limodzi. Umayamba kukhala malire pa Katima Mulilo, pomwe kumpoto ndi Zambia, kummwera ndi Namibia. Pa Kazungula pali kachigawo kakang'ono kwambiri ka malire a Zambia ndi Botswana. Kuchoka apo mpaka pomwe Luangwa amathira, mtunda woposa makilomita 700, mtsinjewu umalekanitsa Zambia ndi Zimbabwe. Pa mathiriro a Luangwa pamakumana maiko atatu: tauni ya Luangwa, yomwe kale inkatchedwa Feira, ili mu Zambia, Zumbo ali mu Mozambique, ndipo Kanyemba ali mu Zimbabwe.

Malirewa ndi a dzulodzuloli. Adajambulidwa ndi atsamunda kuyambira 1890, ndipo maiko a mu Africa atakumana ku Cairo mu 1964 adagwirizana zowasiya momwe adawapezera. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewu sadauonepo ngati mpanda. Atonga ali tsidya lino ndi tsidya lija la Kariba, Alozi ndi Asubiya ali ku Sesheke ndi ku Katima Mulilo komwe, ndipo pa Zumbo ndi Luangwa mabanja ndi amodzi.

Nanga m'madzimo, mzere wa malire umadutsa pati?

Pali njira ziwiri zomwe maiko amatsata pogawana mtsinje. Yoyamba ndi kutenga pakati penipeni, kuyeza mtunda wofanana kuchoka ku gombe lililonse. Yachiwiri ndi kutsata mkuli wa madzi, ndiye kuti ngalande yakuya kwambiri momwe bwato lalikulu lingadutse. Papepala zonse zimaoneka zophweka. Vuto limabwera pa zilumba, chifukwa mtsinje ukagawika pawiri pamafunika kugamula kuti ngalande yaikulu ndi iti, ndipo mchenga umasuntha chaka ndi chaka.

Chitsanzo chodziwika chili pa Chobe, pafupi ndi pomwe amathira mu Zambezi. Namibia ndi Botswana adalimbirana kachilumba komwe ena amati Kasikili, ena Sedudu. Mlandu udakafika ku bwalo la milandu la maiko onse ku The Hague, ndipo mu Disembala 1999 lidagamula kuti ngalande yaikulu ndi ya kumpoto, kotero chilumbacho ndi cha Botswana. Pa mathithi a Victoria zilumba adagawana: Livingstone Island ndi cha Zambia, Cataract Island ndi cha Zimbabwe. M'nyanja ya Kariba malire amalondola pafupifupi momwe mtsinje unkadutsa usanamizidwe. Pamwamba pa madzi palibe chikwangwani, ndipo n'chifukwa chake asodzi a kapenta amamangidwa kawirikawiri akatengeka ndi mphepo usiku n'kupezeka ali m'madzi a eni.

N'zoona kuti pa Kazungula pamakumana maiko anayi?

Pang'ono kutero, koma osati pa nsonga imodzi. Pali malo awiri oyandikana: pena pakumana Namibia, Botswana ndi Zambia, pena Botswana, Zambia ndi Zimbabwe. Pakati pake pali malire a Botswana ndi Zambia otalika mamita pafupifupi 150 okha. Kampata kameneka ndiko kadachititsa kuti mlatho wa Kazungula, wotalika mamita 923, umangidwe mokhota ngati uta, kuti usaponde m'madzi a Zimbabwe kapena a Namibia. Udatsegulidwa mu Meyi 2021. Usanamangidwe pankayenda pantoni, ndipo mathiraki ankatha masiku angapo pa mzere.

Namibia idafika bwanji kumeneko, pamene dzikolo lili kutali kumadzulo? Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani adasainirana pangano losinthana malo, ndipo Ajeremani adapatsidwa kamtunda kowonda ngati chala kotuluka ku South West Africa kukafika pa Zambezi. Adakatcha Caprivi, dzina la Leo von Caprivi yemwe ankatsogolera boma la Germany. Cholinga chidali kupeza njira ya pamadzi yolowera kummawa. Njirayo idalibe ntchito, chifukwa makilomita pafupifupi 70 kumunsi kwake mtsinje wonse umagwera m'phompho. Chigawo cha kummawa kwa kamtundako Namibia idachisintha dzina mu 2013, tsopano ndi Zambezi Region.

Bwanji sitima siziyenda kuchoka ku nyanja ya mchere mpaka kumtunda?

Funso ili ndilo fungulo la mbiri yonse ya mtsinjewu. Zambezi umatsika ngati makwerero. Uli ndi zigawo zazitali za madzi odekha, koma pakati pake pali mathithi ndi zigwembe zomwe bwato silingadutse: Chavuma, Ngonye pafupi ndi Sioma, mathithi a Victoria ndi chigwembe cha Batoka, mpata wa Kariba, ndi miyala ya Cahora Bassa. Kumunsi kwa Tete mtsinje ndi wotambalala koma wosaya, ngalande zake zimasuntha, ndipo m'chilimwe sitima yolemera imatitimira mumchenga. Pa mathiriro palinso milu ya mchenga yotchinga khomo.

Ndiye Zambezi ndi njira, koma yodukaduka. Mabwato amayenda chigawo chimodzi, katundu n'kutsitsidwa, kusenzedwa pamutu, n'kukwezedwanso. Mipata yomwe idalepheretsa sitima ndi yomweyo idakopa omanga madamu ndi milatho, popeza pamalo opanikizika pamakhala thanthwe lolimba ndi mtunda waufupi.

Mathithi a Victoria adapangika bwanji, ndipo nthawi yabwino yowaona ndi iti?

Eni dera amawatcha Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pamalo akuya kwambiri madzi amagwa mamita 108. Pansi pa mtsinje pali thanthwe lakuda lomwe lidachokera ku chiphalaphala cha moto zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Pozizira lidang'ambika ming'alu, yomwe pambuyo pake idadzaza ndi dothi lofewa. Madzi amakokolola dothilo, mng'alu n'kusanduka phompho, mtsinje n'kumagweramo. Pakapita zaka zikwizikwi, madzi amapeza pofooka m'mphepete, n'kudya chobwerera m'mbuyo mpaka kupeza mng'alu wina. Zigwembe zokhotakhota zomwe mumaona kumunsi kwa mathithi ndi malo omwe mathithiwo adaliko kale. Malo otchedwa Devil's Cataract, mbali ya Zimbabwe, ndi pomwe madzi ayamba kale kudula mzere watsopano.

Madzi amachuluka kwambiri mu Epulo ndi Meyi. Nthawi imeneyo mkokomo ndi woopsa, koma nthunzi imaphimba zonse ndipo mumanyowa ngati mwagwa mu mtsinje. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo mbali ya kummawa, ya Zambia, imatsala thanthwe louma. Izi zimachitika chaka chilichonse, si chizindikiro choti mathithi aphwa, monga zithunzi za pa intaneti zimanenera. Wofuna kuona madzi ambiri ndi phompho lomwe apite pakati pa Juni ndi Ogasiti.

Mvula imatha mu Malichi. Bwanji mtsinje umadzaza mochedwa chonchi?

Chifukwa cha chigwa cha Alozi. Madzi ochokera ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia akafika m'chigwa chathyathyathya chimenechi amamwazikana makilomita ambiri m'lifupi, n'kumayenda mwaulesi m'maudzu. Chigwacho chimawasunga ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo madambo a Chobe amachitanso chimodzimodzi. Madzi a mvula ya Januwale amafika ku mathithi patapita milungu yambiri.

Kusefukira kumeneku ndiko kudabala mwambo wa Kuomboka, kutanthauza kutuluka m'madzi. Madzi akakwera, kawirikawiri kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, Litunga, mfumu ya Alozi, imasamuka ku Lealui m'chigwa kupita ku Limulunga kumtunda pa bwato lalikulu la Nalikwanda, lokhala ndi chifanizo cha njovu pamwamba. Chaka cha chilala, madzi akachepa, mwambowu umalephereka.

Azungu asanagawe malire, mtsinjewu unkagwira ntchito yanji?

Udali msewu wa malonda. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pomwe Lusitu amathira mu Zambezi kumunsi kwa Kariba, mu 1960 adafukula manda a anthu oikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja. Izi zikusonyeza kuti golide wa kummwera, mkuwa wa kumpoto ndi katundu wa amalonda a ku gombe zinkakumana pa mtsinjewu kalekale.

Kumunsi, tsidya la kummwera lidali m'manja mwa Mwene Mutapa, pamene la kumpoto lidali la Amaravi: Kalonga, Undi ndi Lundu. Likulu la Undi ku Mano lidali m'dera lomwe lero ndi chigawo cha Tete, ndipo n'chifukwa chake mpaka pano Achewa a ku Mozambique amapita nawo ku Kulamba ku Mkaika. Amang'anja ankagulitsa makasu achitsulo, mchere ndi nsalu zathonje za machila m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi. Chinyungwe cha ku Tete ndi Chisena ndi zilankhulo zomwe Mchewa amatolako mawu ambiri osaphunzira.

Apwitikizi, omwe chigawo cha kumunsi ankachitcha Cuama, adakhazikika ku Sena ndi ku Tete cha m'ma 1530, pofuna kulanda malonda a golide kwa amalonda achisilamu. Gulu lankhondo la Francisco Barreto lidakwera mtsinjewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1570, koma malungo ndi kashembe zidatha anthu ndi akavalo. Pambuyo pake kudabwera minda ikuluikulu yotchedwa prazo, yomwe eni ake adakwatirana ndi anthu a komweko n'kumalamula ngati mafumu. Asilikali awo, akapolo onyamula mfuti, ndiwo adasanduka mtundu wa Achikunda, alenje a njovu ndi akatswiri opalasa bwato. M'zaka za m'ma 1800 malonda a minyanga ndi akapolo adasakaza midzi yambiri kuyambira ku Zumbo mpaka ku Quelimane.

Angoni adawolokera pati?

Gulu la Zwangendaba lidawoloka pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Tsikulo limadziwika bwino chifukwa mbiri ya pakamwa imati dzuwa lidada masana anthu ali pakati powoloka, ndipo akatswiri a zakuthambo adapeza kuti mwezi umenewo kudachitikadi kadamsana wooneka m'deralo. Novembala ndi nthawi yomwe mtsinje umakhala wotsika kwambiri, choncho adasankha bwino. Kwa iwowa kudachokera Angoni a Mpezeni ndi a M'mbelwa. Angoni a Maseko, a kwa Gomani, adawoloka paokha chakumunsi.

David Livingstone akukhudzana bwanji ndi Zambezi ndi Malawi?

Adafika pa mtsinjewu ku Sesheke mu 1851, nthawi yomwe Akololo a Sebetwane ankalamula chigwa cha Alozi. Mu Novembala 1855 anthu a komweko adamutengera pa bwato kukaona mathithi, iye n'kuwapatsa dzina la mfumukazi ya kwawo. Adapitirira kummawa mpaka ku Quelimane mu 1856, koma panjira adadula mtunda, osaona miyala ya Cahora Bassa. Kulambalala kumeneko kudamupweteka. Adakauza anthu ku Britain kuti Zambezi ndi njira yotseguka ya sitima, boma n'kumupatsa ndalama, ndipo atabwerera mu 1858 ndi kasitima ka Ma Robert adakapeza kuti pa Cahora Bassa sipadutsika.

Posowa kolowera adakhotera mu Shire mu 1859. Kumenekonso mathithi a Kapichira adamuimitsa, koma adapitirira wapansi, n'kuona nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi nyanja ya Malawi mu Seputembala chaka chomwecho. Amishoni a Magomero mu 1861, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876 onse adatsata njira imeneyi. Sitima yoyamba ya Ilala, ya amishoni a Livingstonia, idalumikizidwa pa mathiriro a Zambezi, kuphwasulidwa pa mathithi a Shire, kusenzedwa pamutu, n'kulumikizidwanso kumtunda. Tinganene mosakokomeza kuti miyala ya Cahora Bassa ndiyo idakankhira Angerezi ku dziko lomwe lidadzakhala Nyasaland. Ena mwa Akololo omwe adabwera naye, monga Kasisi ndi Chipatula, adatsala ku Chikwawa n'kukhala mafumu. Mkazi wake Mary adamwalira mu Epulo 1862 ndipo manda ake ali ku Chupanga, m'mbali mwa Zambezi.

Ngati kale sitima zinkafika ku Nyasaland kudzera mu Zambezi, zidalekeranji?

Pangano la Britain ndi Portugal la mu Juni 1891 lidalola sitima za maiko onse kuyenda mwaufulu mu Zambezi ndi Shire, ndipo Angerezi adabwereka malo pa Chinde oti azitsitsirapo katundu wa ku Nyasaland. Sitima zosaya pansi zinkakwera mpaka ku Chiromo ndi kwa Katunga. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja ya Malawi idatsika, Shire n'kuphwa, ndipo doko lidayamba kuthawira kumunsi: Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, kenako Chindio pa Zambezi penipeni, komwe njanji idafika mu 1914. Gombe la Chinde nalo linkakokoloka, ndipo namondwe wa mu 1922 adaphwanya tauniyo ndi sitima zambiri. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira idafika tsidya la kummwera.

Kudatsala kuwoloka. Katundu ankatsitsidwa m'sitima ya pamtunda, kukwezedwa pa ya pamadzi, n'kukwezedwanso pa njanji tsidya linalo, ndipo madzi akachepa kapena akasefukira zonse zinkaima. Mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, udatha mu 1935. Ngongole yake idalemera pa Nyasaland kwa zaka zambiri, ngakhale mlathowo uli m'dziko la eni. Udawonongedwa pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique m'ma 1980, n'kudzakonzedwanso nkhondo itatha.

Maganizo obwezeretsa njira ya pamadzi adadzukanso pomwe doko la Nsanje lidatsegulidwa mu Okutobala 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Mozambique idati payambe pachitika kafukufuku wokwanira wa za chilengedwe ndi kayendedwe ka sitima, ndipo dokolo silidagwire ntchito. Kupatula ndale, vuto lakale lija likadalipo: mchenga womwe ungafune kukumbidwa chaka ndi chaka, ndi namasupuni wotseka ngalande.

Damu la Kariba lidamangidwa liti, ndipo anthu a m'chigwamo adapita kuti?

Lidamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. A ku Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, ankafuna damu la pa Kafue, lomwe lidali lotsika mtengo, koma boma la chitaganya ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, lidasankha Kariba n'kuika makina oyamba a magetsi tsidya la kummwera. Khoma lake ndi lokhota, lalitali mamita 128 ndipo m'litali ndi mamita 579. Madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 adawononga ntchito ili mkati, zomwe zidachititsa kuti zipata zotulutsira madzi ziwonjezedwe kufika pa zisanu ndi chimodzi. Atonga ankati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Antchito oposa 80 adafera pa ntchitoyi.

Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'matsidya onse awiri. M'chigwa ankakolola kawiri pachaka, dzinja kumunda, chilimwe m'madimba a m'mbali mwa mtsinje madzi akaphwera. Adawapititsa ku mitunda ya miyala ndi ya mvula yochepa, manda a makolo n'kumira, abale a tsidya lina n'kutalikirana. Mu 1958 apolisi adawombera anthu a kwa mfumu Chipepo omwe ankakana kusamuka, ndipo asanu ndi atatu adafa. Dziko lapansi lidamva zambiri za Operation Noah, ntchito yopulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pa zilumba, kuposa za anthuwo. Midzi yambiri ya osamutsidwawo idakhala zaka makumi angapo yopanda magetsi.

Kapenta wa ku Kariba si wa komweko. Adamutenga ku nyanja ya Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Nyanja ya Kariba imaoneka yodzaza. Nanga magetsi amazimiranji ku Zambia ndi ku Zimbabwe?

Nyanjayi imasunga madzi ochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu, makyubiki kilomita pafupifupi 180, koma opukusira magetsi ndi a pamwamba okha. Ikadzaza, madzi amafika pa mamita 488.5 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. Akatsika kufika pa 475.5, makina sangayende bwino chifukwa mipope yolowetsa madzi imayamba kukoka mpweya. Ndiye madzi ogwira ntchito ndi mamita 13 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyanja yonse. Mukamva kuti Kariba yatsala ndi 5 peresenti, akunena za mamita 13 amenewa.

Makina a tsidya la Zambia angathe kupanga mamegawati 1,080, a tsidya la Zimbabwe 1,050. Onse adawonjezeredwa mphamvu m'zaka za m'ma 2010, koma mtsinje sudawonjezere madzi. Makina onse akamayenda usana ndi usiku amamwa madzi oposa omwe amalowa pa chaka cha mvula yapakatikati. Bungwe la Zambezi River Authority limagawira kampani ya magetsi ya dziko lililonse madzi a chaka, theka ndi theka. Mu Novembala 2022 mbali ya Zimbabwe idauzidwa kuti yamaliza gawo lake, ndipo chilala cha 2024 chidasiya mabanja a ku Zambia mu mdima maola ambiri pa tsiku.

Khomalo lili ndi matenda ake awiri. Madzi otuluka pa zipata amagwa ndi mphamvu, ndipo adakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 patsinde pa damu, lomwe linkasendera ku maziko. Mankhwala ake adali kukulitsa dzenjelo chakumunsi pophwanya thanthwe, kuti madzi azitaya mphamvu kutali ndi khoma. Achiwiri ndi kutupa kwa konkire, komwe kumapanikiza njira za zitseko za zipata mpaka kulephera kutsetsereka bwino. Ntchito yokonza zonsezi idayamba mu 2017.

Nanga Cahora Bassa?

Apwitikizi adayamba kumanga mu 1969, nkhondo ya Frelimo ili mkati, ndipo nyanja idayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Khoma lake, pafupi ndi tauni ya Songo, ndi lalitali mamita 171, ndipo makina ake ndi a mamegawati 2,075. Lidamangidwira kugulitsa magetsi ku South Africa kudzera pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400. M'ma 1980 zigawenga za Renamo zidagwetsa nsanamira mazanamazana, damu n'kukhala pafupifupi chabe mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ngakhale Mozambique idalandira ufulu mu 1975, Portugal idapitiriza kukhala mwini wa gawo lalikulu la kampani ya damuli mpaka 2007. Nthambo zolumikiza Malawi ku magetsi a ku Mozambique zimachokera pa Matambo ku Tete kufika pa Phombeya ku Balaka, mtunda wa makilomita 218.

Madamuwa adasintha chiyani kumunsi, ndipo zikukhudza bwanji Nsanje?

Kale mtsinje unkasefukira kamodzi pachaka pa nthawi yodziwika, n'kusiya dothi lachonde ndi maiwe oswanirana nsomba. Tsopano madzi amatuluka molingana ndi kufunika kwa magetsi: m'chilimwe ndi ambiri kuposa kale, m'dzinja ndi ochepa. Dothi lachonde limatsalira pansi pa nyanja ziwirizo. Madambo a ku Marromeu adauma mbali zina, nkhanu za m'nyanja zomwe asodzi a ku gombe la Sofala amadalira zidachepa, ndipo alimi a madimba amaona mbewu zawo zikumizidwa pa nthawi yosayembekezeka zipata zikatsegulidwa. Choopsa china n'choti anthu, poona kuti madzi sabweranso chaka chilichonse, adamanga m'malo otsika. Mvula ikachuluka, monga mu 2001, 2007 ndi 2008, madamu amakakamizika kutulutsa madzi ambiri nthawi imodzi ndipo anthu zikwizikwi amasowa pokhala.

Shire amathira mu Zambezi kumunsi kwa Mutarara. Zambezi ukadzaza, madzi a Shire amasowa kolowera n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ndipo ena a Zambezi amadutsa mu ngalande ya Ziu Ziu kulowa m'madambo a kumunsi kwa Shire. Ruo akatsikanso ndi madzi a ku Mulanje nthawi yomweyo, chigwa cha Nsanje chimapanikizidwa uku ndi uku.

Kodi malire a pa Zambezi adatsekedwapo?

Inde. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, mosavomerezeka mu 1965, mtsinjewu udasanduka mzere wa nkhondo, ndipo omenyera ufulu ankawoloka usiku pa mabwato kuchokera ku Zambia. Mu Januwale 1973 Smith adatseka malire. Atafuna kutsegula patapita milungu yochepa, Kenneth Kaunda adakana, ndipo njanji ya kummwera idatsegulidwanso mu 1978. Mu Ogasiti 1975 zokambirana za mtendere zidachitikira m'bogi ya sitima yoimikidwa pakati pa mlatho wa Victoria Falls, a boma la Smith atakhala mbali ya Rhodesia, omenyera ufulu mbali ya Zambia, koma sizidaphule kanthu. Mu 1979 asilikali a Rhodesia adamiza pantoni ya pa Kazungula. Chodabwitsa n'chakuti zaka zonsezi magetsi a ku Kariba ankagawidwabe ku maiko onse awiri.

Lero munthu angawolokere pati, ndipo atenge chiyani?

Pakati pa Zambia ndi Zimbabwe pali malo atatu odziwika. Mlatho wa Victoria Falls, womwe udatha mu 1905 potsata maloto a Cecil Rhodes a njanji yochoka ku Cape kukafika ku Cairo, uli mamita 128 pamwamba pa madzi ndipo umanyamula sitima, magalimoto ndi oyenda pansi. Ndi wokalamba, choncho magalimoto olemera amadutsa imodziimodzi. Wongofuna kuima pa mlathopo amapempha kachiphaso ka pa mlatho ku ofesi ya za kulowa ndi kutuluka, koma pasipoti akhale nayo. Pa Kariba msewu umadutsa pamwamba pa khoma la damu ndipo ndi wa magalimoto ang'onoang'ono. Mathiraki amadzera pa Chirundu, pomwe pali mlatho wakale wa Otto Beit wa 1939 ndi watsopano wa 2002. Kuyambira 2009 pa Chirundu mumaima kamodzi kokha, m'dziko lomwe mukulowa, ndipo maofesala a maiko onse awiri amakhala m'nyumba imodzi.

Ochokera ku Malawi kupita ku Harare kapena ku Johannesburg amawoloka Zambezi ku Tete, atalowa pa Mwanza ndi Zobue kapena pa Dedza ndi Calomue. Kumeneko mtsinje si malire. Mlatho wa Samora Machel uli m'tauni, pamene mathiraki amadzera pa wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014. Kumunsi, pa msewu waukulu wa Mozambique, pali mlatho wa Armando Guebuza pa Caia, wa 2009.

Woyendetsa galimoto yake atenge buku la galimoto, kalata ya mwini ngati si yake, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, ndi laisensi. Pa chipata amapatsidwa chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, chomwe ayenera kuchibweza potuluka. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa inshuwalansi: Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma osati ku Mozambique, komwe muyenera kugula ina pa malire.

Zoopsa za pa mtsinjewu ndi ziti?

Mvuu ndi ng'ona ndizo zoyamba. Mvuu ikadzidzimuka imathawira kwakuya, choncho wopalasa bwato ayende m'mbali mosaya, azigogoda bwato kuti mvuu zivuuke aziwone, ndipo asadutse pakati pa mvuu ndi madzi akuya. Kumtunda, makamaka m'mamawa, musaime pakati pa mvuu ndi mtsinje. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu: wotunga kapena kuchapa pamalo amodzimodzi pa ola lomwelo tsiku ndi tsiku ndiye amagwidwa. Madzi odekha a m'mphepete mwa Kariba ndi Cahora Bassa ali ndi nkhono za likodzo, ndipo chigwa chonse ndi cha malungo. Pa nyanja ziwirizi mphepo imadzuka mwadzidzidzi, ndipo mitengo yomwe idamira mu Kariba ikadali chiimire pansi pa madzi, yokonzeka kuboola bwato.

Ndani amalamula madzi a Zambezi?

Palibe mmodzi. Zambezi River Authority, yomwe idakhazikitsidwa mu 1987 ndi Zambia ndi Zimbabwe, imayang'anira damu la Kariba ndi chigawo cha malire a maiko awiriwo basi. Cahora Bassa ili m'manja mwa kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa. Bungwe la ZAMCOM, lomwe pangano lake lidasainidwa ku Kasane mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011, limasonkhanitsa maiko onse asanu ndi atatu ndipo likulu lake lili ku Harare. Ntchito yake yaikulu ndi kugawana uthenga wa kuchuluka kwa madzi ndi kudziwitsana dziko likafuna kumanga chinthu chachikulu pa mtsinje. Madamu ena awiri ali pa mapulani: la Batoka, kumunsi kwa mathithi a Victoria, la mamegawati 2,400 ogawana Zambia ndi Zimbabwe, ndi la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa.